Achule Owola ndi Zolemba za Pagalasi

Amati tsoka silinunkha. Amene anayambitsa mawu amenewa sanakwerepo masitepe a nyumba ya kafukufuku ija Lachiwiri m'mawa. Fungo linandichingamira ndili pansanjika yoyamba, ndipo pofika pakhomo la labu ndinali nditatseka mphuno ndi mpango, misozi ili chuchuchu. Upolisi ndaugwira zaka zoposa makumi awiri, mitembo ndavuulapo m'madamu, koma tsiku limenelo tiyi wam'mawa anafuna kubwerera kumene anachokera.

Firiza yaikulu ya pakona, ija imaumitsa zinthu kuti gwa, inali yasa, pulagi yake itazulidwa. Madzi ofiirira anali atayenderera mpaka kunsi kwa matebulo. M'katimo munali matumba a zikopa za achule, ziwindi za makoswe, ndi timachubu tambirimbiri tikuyandama m'nyansi zomwezo. Ntchentche zobiriwira zinali zitamva kale uthenga, ndipo m'thumba lina tinthu toyera tinali titayamba kuyenda. Lolemba linali la tchuthi, choncho zonsezi zinakhala zikuphikika masiku atatu mawindo ali otseka.

Amene anatiitana anali Pulofesa, mkulu wa labuyo. Woimbidwa mlandu anali wophunzira wawo, mayi wina amene anzake anam'patsa dzina loti Nachule chifukwa kwa zaka zinayi ntchito yake inali yokolola madzi onanda a pakhungu la achule. Komiti ya yunivesite inali yoti ikhale folo koloko tsiku lomwelo. Ikam'peza wolakwa, basi digiri yake yathera pomwepo, ndipo kalata yomutcha wakuba izim'tsatira kulikonse kumene angakafunsire ntchito. Wotchi yanga inkati naini.

*

"Khalani, Sajeni, khalani."

Mu ofesi ya Pulofesa anali atapoperamo mankhwala a fungo la maluwa. Atasakanikirana ndi la achule lija, nseru yake inali yoposa ya mu labu.

"Nkhaniyi ndi yomvetsa chisoni, mwaona," anatero akusisita mimba. "M'madzi a pakhungu la chule uja muli kanthu kamene kamapha tizilombo ta m'zilonda zokana mankhwala. Ife asayansi timati peputaidi. Ndi kachingwe ka timagawo khumi ndi titatu, ma amino asidi. Amene wadziwa mndandanda wake, kuti koyamba ndi kati, kachiwiri ndi kati, mpaka kumapeto, ndiye mwini wake wa ntchito yonse. Ine ndinaupeza chaka chatha, mwaona. Ndinamuonetsa mtsikanayu ngati mwana wanga. Ndiye sabata yathayi ndikumva kuti akufuna kukaulengeza ngati wake."

"Nanga firiza yalakwa chiyani?"

"Ndinamuuza kuti Lachiwiri abweretse umboni wa ntchito yake. Analibe. Munthu wopanda umboni amatani, Sajeni? Amawononga zonse, kenaka n'kumalira kuti umboni wanga unali m'menemo. Buku lake nalonso akuti lasowa. Zosowa zachuluka, mwaona."

"Inuyo munali kuti?"

Anamwetulira ngati funsolo ankalidikira. Anali kumsonkhano, ulendo wa tsiku lathunthu, kuyambira Lachisanu mpaka Lamlungu. Loweruka m'mawa ankalankhula pamaso pa anthu mazana awiri. Anandionetsa zithunzi, ndipo nditaimbira foni kumeneko zinapezeka kuti n'zoona.

Kenaka anatulutsa buku lawo lachikuto chakuda n'kutsegula tsamba la deti la chaka chatha. Zilembo zinali zitandandalikidwa bwinobwino. Ndinajambula tsambalo pafoni. Mabuku a anthu ogwira ntchito ndi manja ndimawadziwa, a makaniko, a anamwino, ngakhale langa lomwe: amakhala ndi madontho, zofufuta, ngodya zopindika. Ili linali loyera mbee, ndipo inki yake inali imodzi kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza.

"Mumalemba mwaukhondo," ndinatero.

"Chizolowezi, mwaona."

*

Amayi osesa ndinawapeza atavala majombo, akukankha madzi aja ndi chokolopera, pakamwa atamanga nsalu.

"Musandiyang'ane choncho, bwana. Chikangozima chinthu muno, ndi amayi osesa. Chikasweka, amayi osesa. Pulagi iyi mukuionayi ili ndi tepi yofiira, anamata ndi mwiniwake Nachule. Zaka folo ndikukolopa pano, sindinaikhudzepo ngakhale ndi tsache."

"Ndani akanamva ikazima?"

"Aliyense! Firiza imeneyi ikangofunda pang'ono imalira ngati khanda, mpaka mlonda pageti amamva. Koma inalira? Taonani pamwambapo."

Pamwamba pa firizayo panali batire, litaikidwa mwaulemu m'kambale ka pulasitiki.

"Ine sindimadziwa n'komwe kuti kuseri kuli batire," anatero. "Ameneyu ndi munthu wophunzira. Wophunzira koma uve. Iyeyo wazimitsa n'kupita kwawo, mphutsi zake ndiwole ine. Asa!"

Anavula golovesi limodzi n'kundikokera ku bini ya pafupi ndi khomo.

"Iyi ndinaikhuthula Lachisanu faifi koloko, ndikuweruka. Lero ndapezamo izi."

Anali magolovesi awiri a buluu, otembenuzidwa, limodzi lili m'kati mwa linzake.

"Amavula choncho anthu a muno, kuti zonyansa zitsalire m'kati. Wakuba wamba sangadziwe. Koma onani saizi yake. Atsikana a muno timanja tawo n'tating'ono. A Makiyi, amene amasunga mankhwala, amavala apakatikati. Bokosi la aakulu limatsegulidwa pokhapokha kukabwera ojambula, Pulofesa akafuna kuoneka ngati amagwira ntchito."

Ndinaika magolovesiwo m'kathumba. Manja aakulu, odziwa kavulidwe ka mu labu, koma Pulofesa anali kutali, akuomberedwa m'manja.

*

Nachule anali mu kaofesi kake kothina, maso ali psuu. Sanali yekha. Kumbuyo kwake kunaima mwamuna wake, mphunzitsi wa kemisitiri pansanjika ya pansi m'nyumba yomweyo. Kunja kunkatentha koma iye anali atamanga tayi mpaka kukhosi, ndipo mumtima ndinangomutcha a Tayi. Dzanja lake linali paphewa la mkaziyo, litaliphimba lonse.

"Munali kuti kumapeto a sabata, amayi?"

"Anali kwa amayi awo," anayankha a Tayi. "Akudwala miyendo. Anapita Lachisanu m'mawa ndi mwana, abwera dzulo."

"Ndafunsa amayiwa."

"Zili choncho," anatero Nachule motsitsa mawu.

"Buku lanu linali pati?"

"M'dirowa iyi. Ndinakhoma Lachinayi."

"Kiyi wake?"

"Ali pamodzi ndi wa labu. Ndinawasiya kunyumba, pamsomali wa kuseri kwa chitseko. Sindinafune kukawataya m'basi."

"Maloko a madirowa awa ndi achabechabe, Sajeni," analowerera a Tayi. "Ngakhale ndi supuni amatseguka. Ine ndawauza amayiwa kuti asalimbane ndi Pulofesa. Apepese, nkhani ithe, akhale pakhomo kaye. Moyo si digiri yokha."

Ndinagwada n'kuyang'ana loko uja. Analibe ngakhale kachikande kamodzi.

A Tayi anayang'ana foni, nati ali ndi kalasi. Anasisita mkazi wawo pamutu ngati akutsanzika wodwala, n'kutuluka. Mpweya m'chipindamo unachita ngati wawonjezeka.

"Tsopano ndiuzeni," ndinatero. "Ine kemisitiri ndinathawa ndili folomu thuu. Mndandanda umenewu mumaupeza bwanji?"

Kwa nthawi yoyamba anadzutsa mutu. Anatenga tepi yoyera yomata pamabotolo, nalembapo zilembo khumi ndi zitatu, chilembo chilichonse kuimira amino asidi mmodzi. Kenaka anatenga lumo.

"Makina athu ndi okalamba. Akawerenga timagawo tingapo amayamba kusokoneza, ndiye kachingweka sitingakawerenge konse nthawi imodzi. Timayamba takaduladula. Lumo woyamba ndi enzaimu yotchedwa tiripisini. Sadula mwachisawawa, amadula pambuyo pa K kapena R basi."

Anadula katatu. Patebulo panagona zidutswa zinayi: GLK, AMSR, VFK ndi TEL.

"Chilichonse mwa izi makina amachiwerenga bwinobwino. Koma m'chubu zimakhala zitasakanikirana, palibe chokuuza kuti ichi chinali pati. Choyamba ndimachidziwa, chifukwa ndinawerenga mutu wa kachingwe ndisanadule. Chomaliza ndi TEL, poti sichithera ndi K kapena R. Koma ziwiri zapakatizi..." Anazisinthanitsa malo ndi chala, nazibwezeranso. "Zikhoza kukhala chonchi, zikhoza kukhala chonchi."

"Ndiye munatani?"

"Ndinangoganizira. M'buku ndinalemba AMSR kutsogolo, VFK kumbuyo, chifukwa achule a mtundu woyandikana nawo ali ndi zofananirako. Kuti nditsimikize pankafunika lumo wachiwiri, wodula pena. Ndi mankhwala, sayanojeni buromaidi, poizoni woopsa. Iwo amadula pambuyo pa M pokha. Muno muli M mmodzi, ndiye pamatuluka zidutswa ziwiri zazitali, zodutsa pamene tiripisini anadula paja. Ukaziwerenga umaona chimene chinagundana ndi chinzake. Mankhwalawo ndinawadikira miyezi faifi."

Ndinatulutsa foni n'kumuonetsa tsamba la Pulofesa. Pansi pa mutu woti sayanojeni buromaidi panali zidutswa ziwiri: GLKAM ndi SRVFKTEL.

Anayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anaseka, kuseka koipa kopanda chimwemwe.

"Izi sizingatuluke m'makina aliwonse padziko pano."

"Chifukwa?"

"Chifukwa n'zolakwika, Sajeni. Ndi kulakwitsa kwanga komwe. Lachinayi ndinadula ndi mankhwala aja ndipo ndinapeza kuti ndinkaganiza mopotoka. VFK ndiye ali kutsogolo. Pambuyo pa S ndi R pamabwera T, osati V. Pulofesa akopera zongoganizira zanga, kenaka apeka zotsatira zoti zigwirizane nazo."

"Ngati anali ndi buku lanu, bwanji sanaone kuti munakonza?"

"Sindinalembe m'buku."

*

Chipinda cha mankhwala oopsa chinali kumapeto kwa khonde, ndipo mfumu yake anali a Makiyi, mkulu wa imvi, wowonda, wokhala ndi mulu wa makiyi m'chiuno. Mawu awo ankachita kuwerengera ngati amagula.

"Buku muno sililowa," anatero. "Lamulo langa. Pepala limamwa poizoni, munthu n'kupita nalo kunyumba, mwana n'kuligwira. Ofuna kulemba alembe apo."

Analoza kabati ya galasi yokhala ndi fani yokokera mpweya woipa kunja, mmene amagwiriramo ntchito za poizoni. Pagalasi lake lakutsogolo panali zolemba za cholembera chakuda cha maka, zopendekera, zolembedwa ndi munthu wovala magolovesi. Panali deti la Lachinayi, ndipo pansi pake GLKVFKA ndi kachilembo kena kakang'ono, kenaka SRTEL. Pambali anali atajambula kachule kakumwetulira.

"Ndimati ndidzakopere m'buku ndikabwerako kwa amayi," anatero Nachule.

"Osesa sapukuta galasi ili. Lamulo langanso," anatero a Makiyi. Ndinawapatsa foni ija. Anavala magalasi, nakwinya nkhope ngati alawa chowola. "Chaka chatha? Botolo la mankhwala awa lalowa m'nyumba muno mwezi wathawu. Lisanabwere, zaka teni kunalibe. Ndipo taonani. Walemba M kumapeto kwa chidutswa. Mankhwalawa akadula, M sakhalanso M, amasanduka china. N'chifukwa chake mwanayu waika kachilembo kakang'onoko. Aliyense amene anagwirapo ntchitoyi amadziwa. Awo chigwirire chubu, ine ndinali ndi tsitsi lakuda."

"Adzati anakachitira ku labu ina," ndinatero. "Adzatinso zapagalasizi walemba m'mawa uno. Makina sanasunge zimene anawerenga Lachinayi?"

"Amasunga za ulendo womaliza zokha. Lachisanu ndimazimitsa, zimafufutika."

"Ndiye zonse zinawolera m'firiza?"

A Makiyi anasendera pakabati paja. Anavala magolovesi awo apakatikati, nakweza galasi lija pang'ono, napisa dzanja kuseri kwa mabotolo. Anatulutsa kachubu kochepa ngati chala chaching'ono. Pansi pake panali kadontho koyera, kouma.

"Zodulidwa ndi poizoni sizipita m'firiza mpaka fungo lake litatheratu. Timazisiya muno ziume. Theka anawerenga Lachinayi, theka ndi ili. Pachivindikiro ndi siginecha yanga ndi deti. Kiyi wa chipinda chino ndi mmodzi, ndipo amagona m'thumba mwanga."

Nachule anagwira pakamwa. Zaka zinayi za ntchito yake zinali zitatsala m'kadontho kamene ukanakaphonya utaphethira.

"Tikawerenganso, katha," anatero a Makiyi akumuyang'ana. "Makina akatsamwa, palibenso china. Ulole wekha, mwana wanga."

"Werengani," anatero Nachule.

Anandifotokozera mwachidule. Zidutswa ziwirizo azilowetsa pamodzi. Ulendo uliwonse makina amabudula kagawo kamodzi kumutu kwa chidutswa chilichonse n'kunena dzina lake. Ulendo woyamba payenera kutuluka G ndi S, wachiwiri L ndi R. Mpaka pamenepo buku la Pulofesa ndi galasi la Nachule zikugwirizana. Ulendo wachitatu patuluka K ndi chilembo china. Chikakhala V, Pulofesa akunena zoona. Chikakhala T, ndi Nachule.

"Ulendo umodzi ndi nthawi yaitali bwanji?"

"Pafupifupi ola. Akakhala kuti adzuka bwino."

Inali hafu pasiti thwelofu. Ndinawasiya akukonza, ine n'kutsikira kugeti kukacheza ndi mlonda wa Loweruka. Zimene anandiuza zinandichotsera njala ya nkhomaliro.

*

Itangopitirira fili koloko ndinawasonkhanitsa m'chipinda chija. Pulofesa anabwera atavala jekete la kukomiti, buku lakuda lili kukhwapa, ndipo a Makiyi anawauza kuti alisiye panja. A Tayi anabwera okha osaitanidwa, nakaima kumbuyo kwa mkazi wawo, dzanja paphewa. Amayi osesa anapeza chifukwa chokolopera pakhomo pomwepo. Galasi lija ndinali nditaliphimba ndi pepala lalikulu.

Makina ankalira kuti tswii, tswii, ngati mbewa.

"Izi n'zotaya nthawi, mwaona," anatero Pulofesa. "M'kachubuko mukhoza kukhala chilichonse."

"Ulendo woyamba G ndi S," anatero a Makiyi osawayang'ana. "Wachiwiri L ndi R. Monga mwa buku lanu. Ndi peputaidi yomweyo."

"Ndiye mwaona! Zikutsimikiza zanga."

"Chabwino," ndinatero. "Poti ntchitoyi munaigwira ndi manja anu chaka chatha, tiuzeni. Ulendo wachitatu patuluka chiyani?"

"K ndi V."

"Simukufuna kuganizanso?"

"Sajeni, ndakhala pulofesa zaka fifitini. K ndi V. Ndatumiza kale pepala kwa osindikiza dzulo."

Tinadikira. Ntchentche imodzi yochokera ku labu inatipeza, n'kumazungulira mutu wa Pulofesa ngati ikuwadziwa. Nachule anali atafumbata manja mpaka zala kuyera. Ine ndinkayang'ana dzanja lija la paphewa pake.

Mzere wobiriwira unayamba kuyenda pasikirini. Unakwera, n'kutsika. Unayendanso, n'kukweranso. A Makiyi anawerama, nayerekeza ndi tchati chomatidwa pakhoma, navula magalasi.

"T," anatero. "Ndi K. V palibe."

Ndinachotsa pepala pagalasi. Zilembo zakuda zija zinaonekera, deti la Lachinayi, ndi kachule kakumwetulira.

"Makinawa ndi akale," anayamba Pulofesa.

"Mphindi zisanu zapitazo anali abwino," ndinatero. "Pulofesa, munthu akhoza kulakwitsa yekha. Koma inu mwalakwitsa ndendende mmene analakwitsira mayiyu m'buku lake losowalo, ndipo mwalemba zotsatira za ntchito imene simunaigwire, ndi mankhwala amene m'nyumba muno munalibe. Buku lake lili kuti?"

Thukuta linayamba kutsika m'khosi mwawo. Ndaonapo akuba ambiri akugwidwa, ndipo ena amakhala ndi kaulemu kofera anzawo. Awa sanathe ngakhale mphindi imodzi. Khoswe wa padenga anaulula wa padzala.

"Ine firiza sindinaikhudze, mwaona. Ndinali kumsonkhano, mwatsimikiza nokha. Buku anabwera nalo kwathu ndi uyu, Lolemba m'mawa." Chala chawo chinalunjika pa tayi uja. "Iyeyu ndiye anayambitsa. Anati mkazi wake akatenga digiri imeneyi amuposa, azidzamuyankha pakhomo. Anati ndiike dzina lake lachiwiri papepala kuti akwezedwe. Zozimitsa firiza ndi nzeru zake. Ine ndinangoti aonetsetse kuti pasatsale chobwerezera."

"Bodza!" anakuwa a Tayi. "Amayi, musamvere zimenezo."

Ndinatulutsa kathumba ka magolovesi kaja n'kukaika patebulo, pamaso pa a Tayi.

"Mlonda akuti Loweruka m'mawa panalowa galimoto imodzi yokha, yanu. Munati mwadzatenga mapepala oti mukachonge. Munatha mphindi makumi anayi. Loko wa dirowa sanathyoledwe, ndipo makiyi anali pamsomali m'nyumba imene munatsalamo nokha. Magolovesi awa m'kati mwake muli thukuta la mwini wake, tikhoza kukapimitsa. Kapena mungowayesa pompano tione ngati akukukwanani."

Dzanja lija linachoka paphewa pang'onopang'ono n'kukabisala m'thumba.

"Mayo ine," anatero amayi osesa pakhomo, nalavulira m'ndowa yawo.

"Ndimachitira banja," anatero a Tayi, mawu atasanduka aang'ono. "Amayi, tamverani. Ndikakwezedwa ine, takwezedwa tonse. Inu mumangokhalira achule, kunyumba osaoneka. Mukanayambanso china, mukadali wamng'ono..."

Nachule anatembenuka. Ndinkayembekeza kuti alira kapena am'menya, ndipo kunena zoona ndikanayang'ana kumbali. Koma anangomuyang'ana monga ndinayang'anira m'firiza muja m'mawa.

"Achule aja munkandiperekeza kukawagwira tisanakwatirane," anatero. "Munkandinyamulira ndowa."

A Tayi anayang'ana pansi.

"Ndipo ndinakuuzani, bambo a mwana. Lachinayi, mukudya. Ndinabwera ndikuthamanga, chikwama sindinachiike n'komwe pansi. Ndinati zidutswa zapakati zija ndinazitembenuza, pambuyo pa R pali T. Ndinanena kawiri. Munati zabwino amayi, maso ali pafoni, n'kundiuza kuti mchere wachepa."

Makina aja anali atayamba ulendo wachinayi.

"Zaka zonsezi ndakhala ndikukufotokozerani ntchito yanga," anapitiriza. "Mukanandimvera kamodzi kokha, bwenzi mutaba zolondola."

Anatambasula dzanja. Mwamunayo anaganiza kuti akufuna kumugwira, nayamba kusendera.

"Makiyi a nyumba," anatero Nachule.

Anawapereka. Nachule anawaika m'thumba la gauni yake yoyera, nayang'ana wotchi ya pakhoma. Inali itatsala mphindi khumi kuti ikwane folo.

"A Makiyi, mundiperekeze kukomiti. Ndipo lero lokha ndiloleni ndilowe ndi pepala muno, ndikopere zanga."

"Ayi," anatero mkuluyo. "Lamulo ndi lamulo. Komitiyo ibwere idzawerenge pagalasi."

Pulofesa ndinawauza kuti atsogole, tikatenge buku la eni ake kumene analibisa. A Tayi ndinawagwira pamkono. Njira yotsikira inadutsa pakhomo la labu, pamene matumba a achule aja anali ataunjikidwa m'mabini kudikira kukawotchedwa. Onse awiri anatseka mphuno, a Tayi mpaka kuchita kukhosomola.

Ine mpango ndinausiya m'thumba. Achule aja ndinkadziwa kuti awola masiku atatu okha. Amene ndinamugwira pamkonoyu sindinadziwe kuti anayamba liti.